Mkono Waufupi wa Makina a Tikhala

A Dominic Namakhwa anali munthu wodana ndi chinthu chokhota. Zaka makumi awiri ndi zisanu akuwotcherera zitsulo pa Njuli, m'mphepete mwa msewu wopita ku Zomba, palibe geti lomwe linatulukapo m'shedi mwawo litapendekeka. Ukawaonetsa felemu yopangidwa ndi munthu wina, ankayamba atsinzina diso limodzi, kenako n'kupukusa mutu mwachisoni. Anzawo ankawanena kuti kutchalitchi samva ulaliki, amangokhalira kuyeza mawindo ndi maso. Iwo sankatsutsa. Mawindo awiri a mbali ya azimayi analidi okhota, ndipo ankawapweteka mtima Lamulungu lililonse.

Tsono munthu wotereyu ndi amene Tikhala anamubweretsera pepala la makina ake.

Tikhala anali mwana wa mlongo wawo, a Bibiana a ku Mpama. Anali m'chaka chomaliza kusukulu ya ukachenjede mu Blantyre, komwe ankaphunzira kupanga makina oyendera magetsi ndi kompyuta. Kuti amalize, ankayenera kupanga makina akeake, aphunzitsi n'kubwera kudzaona ndi maso awo kuti akugwiradi ntchito. Akakanika, ndiye kuti abwereza chaka anzake akuvala magauni. Iye anasankha makina opetera nandolo, poti anakula akuona mayi ake akupeta matumba ndi matumba mpaka mapewa kuuma. Lichero lenileni lansungwi likhale pa mkombero wachitsulo, mikono iwiri yachitsulo iziligwedeza, mota ikhale ya waipa yopukutira galasi la minibasi yakufa, ndipo kabokosi kakang'ono kaziuza motayo pothamanga ndi podekha.

Anafika Loweruka m'mawa, n'kutsegula laputopu yake pamwamba pa mgolo.

"Amalume, makinawa sindinawajambule ine ayi," anatero.

"Nanga wakujambulira ndani?"

"Abadwa okha m'kompyutamu."

A Dominic anakweza magalasi owotcherera n'kuwasiya pamphumi. Mwanayu ankamukonda kwambiri, koma chibadwire chake ankayankhula zinthu zofuna munthu akhale kaye pansi.

"Ine ndinangoiuza kompyuta kulemera kwa nandolo, kupepuka kwa makoko, ndi zitsulo zomwe zimapezeka kuno," Tikhala anapitiriza. "Iyo inapanga makina mazana awiri m'katimo, ena a mikono yaitali, ena yaifupi, ena mota yake yothamanga mopenga. Onsewo inawapatsa nandolo wongoyerekeza kuti apete. Ambiri anangomwaza. Amene anachitako bwino inawasunga n'kuwakwatitsa."

"Kuwakwatitsa?"

"Eya. Mwana amatenga mkono kwa uyu, kayendetsedwe ka mota kwa uyo. Nthawi zina amabadwa ndi kanthu kachilendo komwe makolo ake analibe. Kakamuthandiza kupeta kamapitirira kwa ana ake, kakapanda kuthandiza kamathera pompo. Zachitika choncho mibadwo mazana asanu ndi anayi. Awa mukuwaonawa ndi amene apambana onse."

Pagalasi la laputopu kalichero kankadumphadumpha, timadontho tofiirira tikutsalira m'kati, toyera tikuulukira kunja. A Dominic anayang'ana kanthawi ndithu.

"Mibadwo yonseyo akukwatirana pachibale? Ndiye usadabwe mwana akatuluka wamatewe."

Tikhala anaseka, koma atawapatsa pepala nkhope yake inasintha. "Chinthu chimodzi chokha, amalume. Zitsulozi ndi nzeru za m'kabokosi zakulira limodzi, zikudziwana. Mupange mmene zalembedweramo, osawonjezera, osachotsera."

"Iwe, ukubadwa n'kuti ine ndikuwerenga kale tepi," anatero a Dominic, ndipo zinawanyansa pang'ono kuti mwana awauze zimenezo.

Tikhala anabwerera kusukulu tsiku lomwelo. Anati adzabwera pakatha sabata ziwiri, Lolemba, ndipo aphunzitsi adzafika Lachisanu lake.

Miyendo ya makina, mkombero ndi poika mota, zonsezo a Dominic anazipanga akuimba likhweru. Vuto linabwera pa mikono. Pepala linkati mkono wakumanzere ukhale mamilimita 312, wakumanja 297. Anapukuta maso n'kuwerenganso. Manambala sanasinthe. Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, bowo la bawuti yolumikiza mkono wakumanja ku mota silinali pakati pa chitsulo, linatsetserekera kumbali ndi mamilimita asanu ndi atatu.

Overtone, bambo wa kabaza ya njinga yamoto amene ankakonda kupumira pamthunzi wa shediyo, anasuzumira papepalapo. Ameneyu pakamwa pake sipankaphwa.

"A Domi, izi ndiye zachilendo. Mwayamba kupanga makina otsimphina? Mudzatiuze tsiku lake, tidzabwere ndi ndodo yoti aziyendera."

A Dominic anamuthamangitsa, koma mawuwo anatsala. Makinawa adzaima kutsogolo kwa shedi yawo, pamsewu, pomwe Njuli yense amadutsa. Kudzabwera anthu ophunzira ochokera ku Blantyre, n'kufunsa kuti wadula zitsulozi ndani. Anaganizanso kuti mwina mwanayu dzanja linaterereka polemba, kapena kompyuta yakeyo inatopa nawo maukwati aja. Kumuimbira foni n'kumufunsa, anaona ngati kumuchititsa manyazi. Malume wabwino amangokonza mwakachetechete, mwana osadziwa n'komwe kuti analakwitsa. Anadziuza choncho, ndipo theka lake zinali zoona. Theka linalo linali lakuti dzanja lawo linkakana kudula zitsulo ziwiri zosalingana.

Anadula mikono yonse iwiri mamilimita 305. Bowo analibowola pakati penipeni. Anapaka penti yobiriwira, n'kukhoma kachidutswa ka lata kophimba mikonoyo kuti zala za ana zisalowemo. Atabwerera m'mbuyo n'kutsinzina diso limodzi, mtima wawo unakhala m'malo. Makina anali okongola.

Lolemba Tikhala anafika ndi kabokosi kake ndi mawaya. Mayi ake, a Bibiana, anabwera kuchokera ku Mpama atasenza ndowa ya nandolo wopuntha kale, wosakanikirana ndi makoko ndi timitengo. Anthu sanachite kuitanidwa. Akabaza anaimika njinga, amayi ogulitsa tomato anasiya mabeseni awo m'manja mwa anzawo. Tikhala anamangirira kabokosi, analumikiza batire, a Bibiana n'kuthira nandolo m'lichero.

Mota inalira. Lichero linanyamuka, linatsika, linanyamukanso, kenako linaponya nandolo yense kutsogolo. Wina anagwera m'ngalande, wina anagubuduka mpaka pamsewu wa tala. M'lichero munatsala makoko okhaokha, oyera bwino, opanda nandolo ndi mmodzi yemwe.

"Apeta ndithu," anatero Overtone. "Kungoti asunga zotaya, ataya zosunga."

Anthu anaseka, nkhuku za pamsika zikuthamangira phwando. Tikhala sanaseke. Anazimitsa, anayang'ana mawaya, anayatsanso. Zomwezo. Kachitatu anathira nandolo wochepa, ndipo wochepayo anapitanso kumsewu. A Bibiana anapempha tsache n'kuyamba kusesa nandolo wawo osayang'ana munthu.

A Dominic anakumbukira mikono ija, koma ganizolo analithamangitsa msanga. Mamilimita khumi ndi asanu ndi kukula kwa chala chabe. Kanthu kotero sikangatembenuze makina athunthu. Vuto liyenera kuti lili m'kabokosimo, m'zinthu za ana asukuluzi.

Lachiwiri ndi Lachitatu Tikhala anakhalira m'shedimo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anasintha mawaya onse. Anabwereka batire ina. Anatenga nandolo n'kukamuyeza pasikelo yapagolosale, kuopa kuti mwina wa chaka chino ndi wolemera kuposa amene anauza kompyuta. Anafufuta pulogalamu ya m'kabokosi n'kuikamonso. Pagalasi la laputopu makina ankapeta bwinobwino, koma achitsulo aja akangoyatsidwa ankadyetsa nkhuku. Chakudya chomwe mayi ake ankabweretsa chinkabwerera mmene chabwerera. A Dominic ankayatsa gilayinda ngakhale panalibe chodula, kuti phokoso litseke pakamwa pawo.

Lachitatu madzulo a Bibiana, amene ankagona kwa achimwene awowo sabata imeneyo, anafunsa mwaulemu. "Kodi mwina si zitsulozi, mwanawe? Bwanji osaziyezanso?"

"Iyayi amayi," anatero Tikhala osadzutsa mutu. "Zitsulo apanga amalume. Kumeneko sindingatayeko nthawi."

A Dominic akanakonda akanawatukwana. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawasandutsa ukali: anakalipira Overtone kuti njinga yake ikudonthetsera oyilo pakhomo, chinthu chomwe inakhala ikuchita zaka zitatu.

Lachinayi m'mawa Tikhala anatulukira atavala zapaulendo, chikwama kumsana, maso ali psuu.

"Ndikupita kusukulu, ndikawauze aphunzitsi kuti asavutike kubwera mawa. Nkhani ngati imeneyi sanena pafoni. Kompyuta yandinamiza, kapena ine ndinainamiza, sindikudziwa. Ndibwereza chaka basi."

Anatsazika n'kulunjika kusiteji. A Dominic anangomuperekeza ndi maso, sipanala ili m'manja.

A Bibiana sanalire. Anali mayi woti akakwiya amafuna ntchito. Anayala chiguduli pakhomo pa shedi, anatenga lichero lawo lakale, n'kuyamba kupeta nandolo yemwe anasesedwa m'ngalande uja. A Dominic anakhala pa mgolo n'kumangoyang'ana, poti kunalibe kwina koyang'ana. Mlongo wawoyu anamuona akupeta kuyambira ali ana, ndipo mayi awo asanamwalire ankapetanso chimodzimodzi, koma mwamuna saonetsetsa zinthu zotere. Tsiku limeneli diso lija loyeza mawindo linagwira ntchito lokha.

Lichero silinali chilili. Linapendekekera kumanja. Dzanja lamanzere linagwira chakutsogolo, mkono utatambasuka, ndipo linkangochirikiza. Lamanja linagwira pafupi ndi mimba, chigongono chitapindika, ndipo ndi limene linkagwedeza, kawiri mofulumira, kenako kamodzi modekha. Nandolo ankadumpha n'kubwerera chakumimba, makoko akusonkhana kumlomo wakumanja n'kumagwa okha.

"Achemwali, lichero lanulo lakhota," anatero a Dominic.

A Bibiana anawayang'ana ngati munthu wodwala. "Mukufuna likhale tayale ngati tebulo la ansembe? Makoko atulukira kuti?"

"Nanga manjawo bwanji simunagwire molingana?"

"Achimwene, lero si tsiku loti mundiphunzitse kupeta."

"Iyayi, ndikupempha. Tagwirani molingana, uku ndi uku, muliwongole, mupete kamodzi kokha ndione."

A Bibiana anapumira m'mwamba, koma anachita. Anagwira pakati ndi pakati, analiwongola, n'kugwedeza mmene anazolowerera. Nandolo anadumpha n'kuwulukira kutsogolo, wina kugwera pansapato za a Dominic. Makoko anatsala.

"Mwaona? Ngati makina anu aja," anatero a Bibiana. Kenako anawayang'anitsitsa achimwene awo, poti nkhope yawo inali itasintha. "Achimwene, mwachita chani?"

A Dominic anali atayamba kale kuthamanga, magalasi akugwedera pamphumi, munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, mimba patsogolo. Anadutsa ogulitsa chimanga chootcha, anadumpha ngalande, akupemphera kuti minibasi ikhale isanadzaze. Mwamwayi minibasi za ku Limbe sizinyamuka mpando uli wopanda munthu, ndipo iyi inkadikira anthu awiri. Tikhala anakhala chakuwindo, chikwama pamiyendo.

"Tikhala, tatsika."

"Amalume, musandiletse. Ndaganiza kale."

"Bambo, mukukwera kapena mukutsanzika?" anafunsa kondakitala.

A Dominic anafuna kumukokera mwanayo pambali, kuti nkhaniyi imveke ndi makutu awiri okha. Koma dalaivala anali ataliza kale injini, ndipo Tikhala sankasuntha. Ndiye anainena pomwepo, pawindo, anthu khumi ndi asanu akumvetsera, mpweya ukuwathera.

"Mikono ija sindinadule mmene unalembera. Ndinailinganiza. Yonse iwiri ndi 305. Bowo lija ndinaliika pakati. Ndinkaona ngati walakwitsa, ndiye ndinakonza osakuuza."

M'minibasimo mayi wina wonyamula nkhuku anati, "Kaya ndi mikono ya ndani, koma abambowa alakwa."

Tikhala anatsika pang'onopang'ono. Sanawayang'ane amalume ake. Anapita pakhonde la golosale, anakhala pansi, n'kutsegula laputopu.

"Mwati 305?"

"Yonse iwiri."

"Bowo pakati penipeni?"

"Penipeni. Ndinayeza kawiri."

Analemba manambalawo m'makina a m'kompyuta aja, osasintha china chilichonse, n'kuwayatsa. A Dominic anawerama kumbuyo kwake. Kalichero ka pagalasi kananyamuka, kanatsika, kananyamukanso, kenako kanaponya timadontho tonse tofiirira kutsogolo. Toyera tinatsala m'kati. Tikhala anabwereza. Anabwerezanso kachitatu. Kenako anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo a Dominic sanadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka atachotsa manjawo. Zinali zonse ziwiri.

"Ndiye kuti sinaname," anatero. "Amalume, taonani, ikumwaza ndendende mmene amamwazira achitsulo aja. Kompyuta sinaname. Ine sindinalakwitse."

"Sunalakwitse."

Anapukuta misozi ndi mkono wa bulauzi, ndipo mpumulo utadutsa, mkwiyo unapeza malo. "Masiku atatu, amalume. Mumandiona ndikuyeza nandolo pasikelo, inu mukudziwa."

"Ndinkaopa kuti ndi zimenezo, ndiye sindinkafuna kudziwa," anatero a Dominic. "Ndilibe chonena. Ndakulakwira, mwana wa mlongo wanga."

Tikhala anawayang'ana nthawi yaitali. Malume sapepesa kwa mwana pagulu, ndipo iye ankadziwa kuti mawu amenewo atuluka movuta bwanji. Anatseka laputopu.

"Zitsulo zotsala zilipo?"

"Zilipo."

"Tiyeni."

Atafika kushedi a Bibiana anali atamva kale, poti nkhani ya pasiteji imathamanga kuposa mwini wake. Anali ndi mawu ambiri okonzeka, koma ataona nkhope ya mwana wawo anawasunga kuti adzawagwiritse ntchito tsiku lina. A Dominic anachotsa kachidutswa ka lata kophimba kaja, anamasula mikono yawo yokongola n'kuiponya pakona. Anayeza chitsulo chatsopano, analemba ndi choko, kenako anachita chinthu chomwe sanachitepo kwa munthu aliyense: anamupatsa Tikhala tepi.

"Yezanso wekha."

Tikhala anayeza. 312. Anayeza chinacho. 297. Pobowola bowo lotsetsereka lija, a Dominic anachita kuluma mlomo. Dzanja linkakokera pakati lokha, ngati mbuzi yodziwa njira yakwawo, ndipo analibweza ndi mphamvu. Overtone anafika n'kutsegula pakamwa, koma a Bibiana anangomuyang'ana, iye n'kukumbukira kuti ali ndi kasitomala kwina.

Cha m'ma 3 koloko masana anamanga zonse. Lichero tsopano linakhala mopendekekera kumanja, pang'ono pokha, koma a Dominic ankakuona kupendekekako ngakhale atatembenuka. Penti panalibe, zowotcherera zili poyera. A Bibiana anathira nandolo. Tikhala anayatsa, n'kubwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

Mota inathamanga kawiri, n'kudekha kamodzi. Nandolo anadumpha n'kubwerera. Anadumphanso n'kubwerera. Makoko anayamba kuyenda okha kupita kumlomo wakumanja, n'kumagwera m'thumba lomwe linamangidwa pamenepo. Patatha mphindi ziwiri Tikhala anazimitsa, ndipo a Bibiana anapisa dzanja m'lichero, anavundula, anatapa, n'kuyang'anitsitsa pachikhatho. Anapezamo kamtengo kamodzi.

"Ine ndikanakachotsa aka," anatero. "Koma kwa wophunzira kumene, wapeta."

A Dominic anakhala pa mgolo. Anamva thupi lonse kupepuka, ndipo anazindikira kuti kuyambira Lolemba sanapumepo mpweya wokwanira.

Aphunzitsi anafika Lachisanu cha m'ma 10 koloko, awiri, pagalimoto yoyera. Wamkulu wawo anali mayi wovala mpango kumutu, a Dokotala Ruqaiya, wosaseka wamba. Anaonerera makina akupeta ndowa yathunthu, anafunsa mafunso omwe a Dominic sanamvepo kanthu, Tikhala akuyankha mosadodoma. Kenako mayiyo anati zimene waona ndi zabwino, koma pali chimodzi chomuvuta. Makina kupeta, apeta. Nanga angadziwe bwanji kuti ndi nzeru za kompyuta ija, osati mwayi chabe, kapena luso la wowotcherera?

Tikhala anazengereza. Anayang'ana pakona pomwe panali mikono yobiriwira ija, kenako anayang'ana amalume ake, ndipo a Dominic anaona kuti mwanayu sanena, akuwasungira ulemu. Anadzuka okha, anakatola mikonoyo n'kuiika patsogolo pa alendo.

"Luso la wowotcherera ndi ili, mayi. Ndinadula iyi poyamba, yolingana, chifukwa cha kusamva kwanga. Mwanayu akuonetsani m'kompyutamo zimene iyenera kuchita, ine ndiimange muone ngati zisiyane."

A Dokotala Ruqaiya anavomera. Tikhala anaonetsa pagalasi kalichero kakumwaza. A Dominic anagwada, anamasula mikono yabwino, anamanga yawo ija, ndipo pamaso pa alendo, akabaza ndi amayi a tomato, makina anaponya nandolo kumsewu monga momwe galasi linanenera. Anthu anaseka, ndipo ulendo uno a Dominic nawonso anaseka, ngakhale makutu ankawatentha. Anabwezeretsa mikono yosalingana, makina n'kuyambanso kupeta.

Mayiyo analemba nthawi yaitali m'buku lake. Atamaliza anauza Tikhala kuti ophunzira ambiri amangoonetsa makina akugwira ntchito, koma iye waonetsanso kuti amadziwa pomwe angakanike, ndipo zimenezo n'zimene ankafuna kuona. Zotsatira zidzatuluka mwa dongosolo lake, anatero, koma asade nkhawa, ayambe kufunsa za gauni. Anagwirana chanza ndi a Dominic, n'kuwauza kuti asataye mikono yobiriwirayo.

Galimoto itapita, anthu anabalalika. A Bibiana anayamba kuthira nandolo m'thumba akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Tikhala anati akhale pansi pang'ono kuti alembe zimene aphunzitsi anena asanaiwale. Anakhala pa makatoni m'kati mwa shedi, anatsamira khoma, cholembera m'manja. A Dominic atatembenuka kuti amufunse ngati akufuna fanta, anapeza mutu wagwera paphewa, pakamwa pali pululu, dzuwa lili pamutu.

"Musiyeni," ananong'ona a Bibiana. "Chibwerereni sanagone tulo tenitweni."

A Dominic anazula gilayinda kumagetsi. Anakoka lata n'kutchinga pomwe dzuwa linkalowera. Posakhalitsa panafika bambo wina akukankha wilibala yothyoka mwendo, akufuula moni ali patali. A Dominic anatuluka msanga n'kumuchingamira panjira, chala chili pamlomo.

"Mubwere mawa, achimwene."

"Ndi kanthu kakang'ono, a Namakhwa, kungogundako kamodzi basi."

"Mawa," anatero a Dominic motsitsa mawu. "Lero muno mwagona injiniya."